Mukafika ku Portugal mu Sepitembala: zochita mvula isanayambe

Wophunzira wa kuno ku Tete akapeza mwayi wokachita semesita imodzi kapena chaka kunja, kaya ndi wa ku ISPT, ku UniPúnguè kapena kusukulu ya zaulimi ya UniZambeze ku Ulónguè, kawirikawiri njira imaloza ku Portugal. Chilankhulo cha m'kalasi n'chomwechi, mamakisi amayambira pa 0 kulekezera pa 20 ngati kuno, ndipo mapologalamu monga Erasmus+ ndi a bungwe la mayunivesite olankhula Chipwitikizi la AULP anatsegula kale khomo. Chosiyana ndi nyengo. Kumeneko chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala, chilimwe chawo chikutsazika.

Ambiri amanyengekera pomwepa. Mumanyamuka pa Chingodzi dzuwa likuswa mtengo, mukatera ku Lisboa n'kupeza kunja kukutenthabe, anthu ali m'makabudula, dzuwa likulowa cha m'ma 8 koloko. Mumtima mumati, nanga kuzizira ankanena kuja kuli kuti? Milungu yabwinoyo ndi yowerengeka. Lamlungu lomaliza la Okutobala amabweza mawotchi ndi ola limodzi, mdima n'kumagwa 6 koloko isanakwane, mvula nayo n'kukhazikika. Zonse zofuna miyendo, zofuna kuima pamzere ndi zofuna kudziwana ndi anthu muzichite tsikulo lisanafike. Mlimi wa ku Tsangano sadikira bingu kuti ayambe kusosa.

Musananyamuke

Tsegulani pasipoti muwerenge mtundu wa viza imene akumatirani. Wokhala nthawi yosakwana chaka nthawi zambiri amapatsidwa visto de estada temporária, yomwe imakwanira ulendo wonse. Wokhala kupitirira chaka amapatsidwa viza ya residência, ndipo iyi imagwira ntchito miyezi inayi yokha. Mkati mwa miyeziyo muyenera kukaonekera ku AIMA, ofesi yoona za alendo imene inalowa m'malo mwa SEF mu Okutobala 2023. Kusiyana kumeneku kumasintha zambiri zimene zikubwera m'munsimu, choncho mukudziwe muli kuno.

Pasipoti, viza, kalata yokulandirani, inshuwalansi ndi pangano la maphunziro muzijambule ndi foni, mudzitumizire pa imelo, kenako mupangenso mafotokope awiriawiri. Mapepala enieniwo akhale m'chikwama cha m'manja, osati mu sutikesi. Pitani kubanki mukafunse ngati khadi lanu limagwira ntchito kunja ndiponso malire a ndalama zimene lingatulutse. SIM yanu ya Vodacom, Movitel kapena Tmcel musaitaye, chifukwa manambala achinsinsi a banki amabwera pomwepo. Ngati pali zapasukulu kapena zakubanki zimene zingafune siginecha yanu muli kutali, lemberani procuração, kalata yomupatsa mphamvu yosaina m'malo mwanu, m'bale mmodzi wodalirika, osati amene ali pafupi basi.

Za m'chikwama ndinenapo zitatu. Nyama ndi zamkaka zochokera kunja kwa European Union n'zoletsedwa, ndiye nyama ya mbuzi youmika imene amayi akukakamizani isiyeni. Idzathera pabwalo la ndege. Chachiwiri, mapulagi a mano atatu okhuthala aja a ku South Africa salowa m'makoma a ku Portugal, koma a mano awiri amalowa bwinobwino. Chachitatu, tengani mthiko ndi chipande. Sizilemera, ndipo kumeneko simudzazipeza msanga. Majekete okhuthala musagule kuno. Juzi imodzi ndi yokwanira kufikira mutaona nokha zimene eni dera amavala.

Ndege ya TAP yochokera ku Maputo imapita ku Lisboa osaima pena, ulendo wa maola pafupifupi 11. Ngati mwapeza tikiti yotchipa yodzera dziko lina la Schengen, monga France kapena Germany, ndiye kuti chidindo cholowera achimenya kumeneko, ndipo lamulo limafuna kuti mudziwitse akuluakulu a ku Portugal za kufika kwanu pasanathe masiku atatu a ntchito. Ofesi ya pasukulu idzakuuzani kokachitira zimenezo.

Masiku atatu oyamba

Tsiku lofika gulani SIM ya MEO, NOS kapena Vodafone, muimbe kumudzi, mugone. M'mawa mwake pitani ku ofesi ya pasukulu yoona za ophunzira ochokera kunja. Pemphani zinthu ziwiri: akusainireni pepala losonyeza tsiku limene mwafika, chifukwa ndalama za bolsa nthawi zambiri zimadikira pepala limeneli, ndipo akupatseni umboni wa matrícula. Umboni umenewu mupange makope angapo. Pafupifupi ofesi iliyonse imene mupiteko idzaufuna.

Funsaninso ngati pali wophunzira wa komweko amene anadzipereka kuperekeza alendo. Mayunivesite ambiri ali nawo kudzera ku ESN, bungwe la ophunzira lothandiza alendo a Erasmus. Ena amaona ngati n'zachibwana. Ine ndimati mwana wa komweko amene amadziwa kuti ofesi yakuti imakhala yopanda anthu nthawi yakuti ndi wofunika kuposa mapu a pafoni.

Chipinda

Ngati akupatsani malo ku residência ya yunivesite, nyumba yogonamo ophunzira, landirani osanyinyirika, ngakhale chipinda chikhale cha anthu awiri. Ndi chotchipa, magetsi ndi madzi zili momwemo, ndipo kalata yosonyeza komwe mukukhala imatuluka popanda kupembedza munthu.

Mukamafuna nokha pa masamba a pa intaneti monga Idealista kapena OLX, lamulo loyamba ndi ili: musatumize ndalama chipinda musanachione. Amene akuti ali kunja kwa dziko ndipo makiyi atumiza mukalipira ndi wakuba. Ku Lisboa ndi ku Porto zipinda n'zodula komanso zosowa mu Sepitembala kuposa ku Bragança, Covilhã kapena Évora, ndiye mantha osowa pogona amachititsa anthu kulipira mofulumira, ndipo akubawo amadziwa zimenezo. Pena mudzaimba foni, mwini nyumba n'kungomva kalankhulidwe kanu n'kunena kuti chipinda chapita kale. Zimapweteka, koma musataye tsiku lonse mukuzilingalira; imbani nambala yotsatira, kapena mupemphe mnzanu wa komweko apite nanu.

Mukalowa m'chipindamo musangoona bedi. Mu Sepitembala chipinda chilichonse chimaoneka chabwino. Sunthani kabati muone kuseri kwake, muyang'ane m'makona a denga ndi m'mphepete mwa zenera. Madontho akuda kapena penti yotukusira ndi chizindikiro cha chinyezi, ndipo pofika Disembala nsapato zanu zidzachita chuku. Funsani kumene zenera laloza: loloza kummwera ndi limene limalandira dzuwa, mosiyana ndi kuno kwathu. Funsani ngati magetsi, madzi, gasi ndi intaneti zili mu lendi momwemo, ndipo ngati zilimo, ngati amalola chotenthetsera cha magetsi. Kenako nenani poyera kuti mukufuna kontirakiti yolembedwa ndi malisiti. Eni nyumba ena amatsitsa mtengo kuti musafune zimenezi, koma popanda pepala simudzatha kutsimikizira ofesi iliyonse komwe mukukhala, ndipo ndalama ya chikole, imene amati caução, idzavuta kubweza. Tsiku lolowa jambulani chilichonse chothyoka kapena chothimbirira, mutumizire mwini nyumba pa WhatsApp tsiku lomwelo.

Mapepala amakokana, choncho tsatani ndondomeko

Yambani ndi NIF. Ndi nambala ya msonkho ya manambala 9, mnzake wa NUIT yathu, ndipo popanda iyo kontirakiti ya nyumba, akaunti ya kubanki ndi khadi la basi zimaima. Imaperekedwa ku Finanças kwaulere. Alipo anthu pa intaneti amene amalipiritsa kuti akutengereni. Musanawapatse ndalama funsani kusukulu, chifukwa mayunivesite ena amathandiza okha. Tengani pasipoti, umboni wa matrícula ndi pepala la komwe mukukhala. Lawirirani ofesi isanatsegule. Pakhomo pali makina otulutsa kapepala ka nambala, senha, ndipo mizere imasiyana malinga ndi chilembo cha pakapepalako. Mukadina batani lolakwika mudzakhala pabenchi mpaka nambala yanu iwale pa sikirini, n'kuuzidwa kuti mukatenge ina. Funsani mlonda musanadine. Alonda a m'maofesi amenewa amadziwa zambiri ndipo safulumira kukwiya.

NIF ikatuluka, tsegulani akaunti. Millennium bcp ndi Caixa Geral de Depósitos ndi makolo a Millennium bim ndi BCI, koma akaunti yanu ya ku Tete siidziwika kumeneko, mudzatsegula yatsopano. Funsani za akaunti ya ophunzira yopanda malipiro a mwezi ndi mwezi. Mukapeza khadi ikani MB Way pafoni, chifukwa ndi imene anzanu a m'nyumba adzagwiritse ntchito pogawana bilu ya magetsi, monga timachitira ndi M-Pesa kapena e-Mola.

Kenako khadi la basi: Navegante ku Lisboa, Andante ku Porto, la SMTUC ku Coimbra. Kuyambira mu 2024 ophunzira osapitirira zaka 23 amayenda ulere ndi khadi limeneli, koma muyenera kulipempha ndi mapepala anu. Ngakhale likhale laulere, ligunditseni pamakina nthawi iliyonse mukakwera. Oyendera matikiti samva zoti ndinu mlendo.

Ngati mwini nyumba sanakupatseni pepala lokwanira, Junta de Freguesia, ofesi ya boma ya dera lanu, imapereka atestado de residência, kalata yotsimikiza komwe mukukhala. Ndi iyo, NIF ndi pasipoti, pitani ku centro de saúde mukapemphe número de utente, nambala yolowera m'zipatala za boma. Kwa amene alibe chilolezo cha residência kalembera ameneyu amatha kukhala wosakwanira, n'chifukwa chake inshuwalansi imene munagula popempha viza musailole kutha. Inshuwalansi ya pasukulu imangoona ngozi zochitika pa zamaphunziro.

A viza ya residência, yang'anani pa viza yanuyo, chifukwa nthawi zambiri pamakhala adiresi ya pa intaneti yosonyeza tsiku lanu la ku AIMA. Tsikulo likhoza kukhala mumzinda wina kutali ndi kumene mukukhala. Pitani basi, ngakhale pakhale kalasi, chifukwa kupeza tsiku lina n'kovuta. Mukapeza mpata kalembetseninso ku ofesi ya kazembe wa Mozambique. Pasipoti ikatayika mudzathokoza.

Kalasi

Semesita imodzi ndi makirediti 30 a ECTS, muyeso wa maphunziro wa ku Ulaya, ndipo kirediti imodzi imaimira maola pakati pa 25 ndi 30 a ntchito, kuphatikizapo yowerenga panokha. Ndiye musanyengeke poona kuti tebulo la maphunziro lili ndi mipata yambiri. Mlungu woyamba lowani m'makalasi onse amene munasankha muli kuno. Mudzapeza ena akuwombana nthawi, ena sakuphunzitsidwa semesita ino. Kusintha kumaloledwa milungu yoyambirira yokha, ndipo kusinthako kuyenera kusainidwa mbali zonse ziwiri. Lemberani mkulu wa kosi yanu ku Tete, avomere polemba. Mukangosintha pakamwa, pobwera adzakuuzani kuti phunzirolo sakulidziwa, chaka n'kubwereza.

Phunziro lililonse funsani mmene amayesera. Avaliação contínua imafuna kuti muzipezeka m'kalasi ndi kupereka ntchito pang'onopang'ono. Njira inayo ndi mayeso amodzi kumapeto. Kwa mlendo ndimalimbikitsa yoyambayo, chifukwa imakuikani m'magulu ndi eni dera ndipo simuika zonse pa tsiku limodzi la mu Januwale. Zolengeza zonse zimadzera pa imelo ya sukulu ndi pa tsamba lake, Inforestudante ku Coimbra, Sigarra ku Porto, Fénix m'masukulu ambiri a ku Lisboa. Palibe chefe de turma amene adzakutsatirani.

Chipwitikizi chawo chimathamanga ndipo amameza zilembo. Milungu iwiri yoyamba khalani kutsogolo, khutu lidzazolowera. Aphunzitsi muziwatchula kuti professor kapena professora. Você ena amaimva ngati mwano.

Mimba ndi thumba

Mu 2024 yuro imodzi inali mameticais pafupifupi 70. Mukamachulukitsa chilichonse m'mutu mudzaopa ngakhale buledi, ndipo mukasiyiratu kuwerengera bolsa idzatha pa 20, mwezi usanathe. Chotsani lendi tsiku limene ndalama yalowa, yotsalayo muigawe pa milungu. Bolsa yoyamba imakonda kuchedwa, choncho fikani ndi ndalama yokwana lendi, chikole ndi chakudya cha mwezi.

Masana idyani ku cantina ya yunivesite. Chakudya cha ophunzira, supu, mbale yaikulu, buledi ndi chipatso, chimakhala cha mayuro atatu kapena kuzungulira pamenepo, ndipo palibe lesitilanti imene ingafikepo. Madzulo phikani. Pingo Doce, Continente ndi Lidl ali ndi nyemba, mpunga, mazira, karapau ndi nkhuku. Masamba a nabiça ndi achibale a mpiru, couve mukuidziwa kale, ndipo mtedza wosakazinga mukaupera m'makina a m'khitchini nsinjiro zapezeka. Ufa woyera wa chimanga funani m'mashopu a anthu a ku Africa ndi ku Asia, monga a ku Martim Moniz ku Lisboa. Wachikasu wa m'masupamaketi umaphikika, koma mtima sukhuta.

Mapoto a m'nyumba za ophunzira amakhala opyapyala, ndipo nsima imapserera pansi isanapse pamwamba. Chepetsani moto phala likangoyamba kuwira, gwirani chogwirira ndi kansalu, muvundule poto ali pambali pa moto. Mukaomola thirani madzi m'potomo nthawi yomweyo ndipo mutsuke usiku womwewo. Mikangano yambiri ya m'nyumba zogawana imayambira pasinki, osati pa khungu kapena chilankhulo. Tsiku lina phikani yambiri muitane a m'nyumbamo, muwaonetse kutema mbamu ndi dzanja.

Kuzizira kwake n'kwa m'nyumba

A ku Angónia amati ife Juni timamudziwa. N'zoona, koma Juni wa ku Ulónguè ndi wouma ndipo masana dzuwa limatuluka. Ku Portugal kuzizira kumabwera ndi mvula ya masiku otsatizana, ndipo nyumba zambiri zakale zilibe zotenthetsera. Pena m'chipinda mumazizira kuposa panja. A mumzinda wa Tete, amene Okutobala wawo amapitirira madigiri 40, ayenera kusamala kawiri.

Okutobala asanafike pakati mukhale mutagula jekete losalowa madzi, nsapato zotseka za mphira wokhuthala pansi, ambulera, masokosi okhuthala ndi chofunda chochindikala chimene amati edredão. Mashopu a kaunjika aliko, ndipo ophunzira amene akubwerera kwawo amagulitsa zawo motchipa. Valani zopyapyala zingapo mosanjikiza, chifukwa m'basi ndi mulaibulale mumatentha. M'mawa mukadzuka mudzapeza galasi la zenera likuchucha madzi mkati. Lipukuteni, mutsegule zenera kwa mphindi khumi ngakhale kukuzizira, ndipo musayanike zovala m'chipinda chotseka. Chotenthetsera cha magetsi chimadya ndalama, ndiye gwirizanani ndi anzanu bilu isanabwere. Mbaula ya makala m'chipinda ayi, ngakhale pang'ono. Utsi wake wosaoneka umapha munthu ali m'tulo, ndipo chotenthetsera madzi cha gasi chimachitanso chimodzimodzi ngati pamalopo sipapita mphepo.

Thupi likatentha

Izi muziike pamtima kuposa zonse. Mwachokera kudera la malungo, ndipo tizilombo tikhoza kukhala m'magazi n'kudzuka patapita milungu mutafika. Nthawi imeneyo ndi yomwenso chimfine chimayamba kumeneko, ndiye dokotala amene saona malungo kawirikawiri adzaganiza za chimfine. Thupi likatentha, mutu ukamawawa, mukamanjenjemera, imbani SNS 24, foni ya zaumoyo ya boma, pa 808 24 24 24, ndipo mawu anu oyamba akhale akuti mwachokera ku Mozambique posachedwa ndipo mukufuna kuyezedwa malária. Zikafika poipa imbani 112. Musadikire kuti kuche kawiri, ndipo auzeni a m'nyumba mwanu zimenezi mudakali bwino, kuti adzakunenereni ngati inu simungathe.

Anthu

Mu Sepitembala aliyense ndi mlendo ndipo aliyense akufuna mnzake. Pofika Novembala magulu amakhala atatsekeka. Ndiye milungu yoyambayi vomerani kuitanidwa, ngakhale mutangokamwa khofi wa yuro imodzi. Pezani chinthu chimodzi chochitika mlungu uliwonse, mpira, kwaya, tchalitchi kapena mzikiti, chimene chidzakutulutsani m'nyumba mdima ukadzayamba. Ophunzira a ku Mozambique amakhala ndi magulu awo m'mizinda ya mayunivesite ndipo adzakuthandizani kwambiri, koma musathere mwa iwo okha. Simunakwere ndege maola onse aja kuti mukacheze ndi a ku Matundo basi.

Mudzaona ophunzira ovala zakuda ndi mikanjo akulamula atsopano kuimba ndi kugwada m'misewu. Imeneyo ndi praxe. Si lamulo la sukulu, ndipo mukhoza kukana popanda chilango. Zikondwerero zake kaonereni. Ku Coimbra kuli Latada mu Okutobala, pamene atsopano amayenda mumzinda atamanga zitini kumiyendo mpaka kumtsinje wa Mondego.

Kumudzi gwirizanani tsiku limodzi loimbirana. Mu Sepitembala Portugal imatsalira ola limodzi pa nthawi ya kuno, ndipo mawotchi akabwezedwa imatsalira maola awiri, ndiye mukamatuluka m'kalasi 6 koloko ku Domwe anthu akukonzekera kugona. Auzeni abale momveka kuti bolsa si malipiro. Ndi bwino amalume akhumudwe mu Sepitembala kusiyana n'kuti inu mulephere lendi mu Disembala. Pemphaninso munthu mmodzi wamkulu kuti kukagwa zovuta akuimbireni yekha, musadzazione pa Facebook muli nokha m'chipinda.

Mawotchi akabwezedwa

Mlungu umenewo ambiri amafooka: tulo tambiri, ulesi, kulakalaka kwawo. Si matenda achilendo. Tulukani panja masana kukawala, werengerani mulaibulale momwe muli anthu ndi kutentha, ndipo zikapitirira milungu ingapo pitani kwa alangizi a Serviços de Ação Social a pasukulu panu. Pa 11 Novembala pali São Martinho, tsiku lowotcha castanha (mtedza wa kumeneko, osati wa caju) m'misewu ndi m'masukulu, ndipo masiku amenewo kadzuwa kamakonda kubwerera pang'ono. Chapani zofunda muyanike.

Pomwepo tsegulani kalendala ya mayeso. A semesita yoyamba amachitika mu Januwale, ndipo amene walephera kapena akufuna kukweza mamakisi amalembanso pa época de recurso, imene m'masukulu ambiri imalowa mu Febuluwale. Tikiti yobwerera ikhale ya pambuyo pa recurso, ndipo muone ngati viza ndi inshuwalansi zikufika tsiku limenelo. Mwini nyumba muuzeni tsiku lotuluka molemba, pa nthawi imene kontirakiti ikunena, kuti chikole chibwere. Ku ofesi imene munayambira ija kafunseni kuti chikalata cha mamakisi anu adzachitumiza liti ndiponso kwa yani ku Tete, ndipo mulembe dzina la ofesiyo ndi imelo yake musanakwere ndege.